Fulu Amene Ndinaluka ku Kanyama

Chaka chimene tinasamukira ku Kanyama, komboni ina ya mu Lusaka, amuna anga anabwera kunyumba ndi fulu m'thumba la ovolosi. Ankagwira ntchito pa fakitale ina yocheka matabwa, ndipo popeza mabasi a masiku amenewo ankabwera akafuna okha, iwo ankayenda pansi, kudutsa m'kathengo kamene kanali pakati pa mafakitale ndi komboni. Mvula yoyamba itagwa anapeza kafuluko kakuwoloka njira. Kanali kokwana m'dzanja limodzi. M'malo mokasiya kapite kumene kanali kupita, anakatola kuti mwana akaseweretse.

Mwana wathu woyamba, wamkazi, anali ndi zaka zinayi, ndipo ine ndinali ndi pakati pa wachiwiri. Kafuluko anakalandira ngati mlendo wochokera kumudzi. Anandilanda beseni lakale, nathiramo mchenga, naikamo fulu wake. M'mawa uliwonse ankathyola tsamba la repu pa ndiwo zanga n'kunyonyomala pambali pa beseni kudikira kuti mutu utuluke. Ine ndinalibe nako mlandu kanyamako. Sikankalira, sikankaluma, ndiponso mwana ankakhala malo amodzi ine n'kumagwira ntchito zanga.

Nyumba yathu inali ya lendi, zipinda ziwiri, khoma limodzi ndi aneba. Anebawo anali mayi wa ku Mufulira, tauni ya kumigodi, wamkulu kwa ine, wa mawu okwera, amene ankakazinga zitumbuwa n'kumagulitsa pa katebulo m'mbali mwa njira. Tsiku lina anasuzumira m'beseni muja, nabwerera chambuyo atagwira pachifuwa.

"Mayo! Ba neba, ni chani ichi? Fulwe pa nyumba?"

"Ni choseweretsa mwana chabe," ndinatero.

"Awe. Kwathu munthu wosunga fulwe timuziba nchito yake."

Ndinaseka poyesa kuti ndi zocheza. Koma sabata imeneyo zitumbuwa zawo sizinayende malonda. Komboni yonse inkadziwa chifukwa chake: mafuta ophikira anali atasowa m'masitolo, ndipo iwo ankakazingira omwewo mobwerezabwereza mpaka anada ngati oyilo wa galimoto. Koma iwo anati ndi fulu. Anakatisumira kwa acheyamani.

Amene sanakhale m'komboni zaka za chipani chimodzi sangamvetse kuti cheyamani wa sekishoni anali ndani. Wathuyo ankagulitsa makala ngati munthu wina aliyense, koma ndiye ankaweruza ndewu za pa pompi, ndiye ankadziwa mlendo amene wagona kwa yani, ndipo akati khadi la chipani lioneke, linkaoneka. Anabwera Lamlungu titangoweruka kutchalitchi, atavala suti ya safari, kandodo kali m'manja. Anayang'ana m'beseni nthawi yaitali.

"Bambo," anauza amuna anga, "pano ni pa tauni. Nkhuku tivomela, galu tivomela. Koma ichi chiyofya bantu. Chibwezeni kwamene munachitenga."

Amuna anga, amene akakalipa m'nyumba malata ankanjenjemera, anangoti, "Tamvela, ba cheyamani." M'mawa mwake fulu anabwerera m'thumba la ovolosi.

Mwana analira kulira kumene ndinali ndisanakumvepo, ndipo sikunali kwa tsiku limodzi. Tikakhala pa chakudya ankayamba: "Manje Fulu adya chani?" Mvula ikagwa: "Fulu anyowa." Galu akauwa kutali, ndiye kuti galuyo wapeza Fulu. M'beseni lija anakana kuti ndichotsemo mchenga. Ndinamumangira kachidole ka nsalu, anakaponya padenga. Ndinamukalipira, ndinamunyengerera, ndinamulonjeza maswiti amene panalibe kowagula. Aneba ankagogoda khoma kuti tikuwasokosera, iwo omwe anayambitsa zonsezi.

Tsiku lina amuna anga atatopa ndi phokoso anati, "Amake mwana, si paja mumaluka inu? Mulukireni wina basi."

Ananena ngati akundituma madzi akumwa.

Kuluka ndinkadziwadi. Ndinaphunzira ku gulu la amayi a kutchalitchi, Lachinayi masana, ndi kasingano kachitsulo kokhala ndi ngowe kunsonga yokowera ulusi. Koma zonse zimene ndinkadziwa zinali zathyathyathya: tinsalu toyala pa wailesi, pa tebulo, ndi tovundikira jagi kuti ntchentche zisagweremo. Chinthu chokhala ndi msana, mimba, miyendo ndi mutu ndinali ndisanalukepo. Ndikanakana. Koma mwana anali atamva kale. Anasiya kulira pomwepo, nadzaima patsogolo panga mamina ali chuchuchu.

"Amama, mwayamba?"

Lachinayi lotsatira ndinafunsa mayi wamkulu amene ankatiphunzitsa. Anandiyang'ana pamimba nati munthu wa mmene ndiliri ine aziluka timasokosi ndi kachisoti, osati nyama za m'thengo. Amayi ena anavomereza. Wina anati ndimukwapule mwanayo kamodzi kabwino, aiwala. Ndinabwerako ndi uphungu wambiri, koma panalibe mmodzi yemwe amene anandiuza poyambira.

Ulusi woyera wopyapyala wa tinsalu tija sukanatheka, pankafunika ulusi wa majuzi. Ndinapita ku Kamwala, mwana nditamusiya kwa mnzanga wa kutchalitchi. Ndinalowa sitolo ndi sitolo. Kwina ankangondilozera mashelefu opanda kanthu, kwina ankati ndibwere mwezi wamawa. Sitolo imodzi inali ndi ulusi wa pinki wa zovala za makanda, ndipo ndinaima pamenepo kuganizira fulu wa pinki mpaka ndinadzimvera chisoni. Potuluka ndinaona mzere wautali. Masiku amenewo munthu ukaona mzere unkayamba waima kaye, kufunsa pambuyo. Unali wa sopo. Ndinafika kunyumba dzuwa litapendeka, mapazi atatupa, ndili ndi sopo mmodzi wochapira, ulusi ndilibe.

Mwana anandichingamira pakhomo, nasuzumira m'chikwama, nayamba kukoka mpweya wokonzekera kulira. Amuna anga analowa kuchipinda mofulumira, natsegula sutikesi, natulutsa juzi yawo yofiirira ya mizere yobiriwira pachifuwa, yong'ambika m'zigongono.

"Masulani iyi. Inatha kale ntchito."

Ananena okha, ndi pakamwa pawo, mwezi wa Disembala thukuta likuyenderera. Ndikunena zimenezi chifukwa Juni atafika, mphepo ya mu Lusaka itayamba kuluma, anayamba kundifunsa kuti juzi yawo ndinaichita chiyani, ndipo anadandaula nyengo yozizira yonse ngati ndinawabera.

Kumasula juzi si ntchito yaing'ono. Umayamba wadula misoko, n'kupeza nsonga, n'kumakoka. Ulusi umatuluka wopotanapotana ngati tsitsi lomasula kumene, ndipo ukaulukira choncho chinthu chimatuluka chamakwinya. Ndinatembenuza mpando miyendo m'mwamba, ndinakulunga ulusiwo m'miyendomo, ndinauviika m'madzi ofunda, n'kuuyanika m'nyumba chifukwa kunja kunali mvula. Amuna anga anadandaula kuti alibe pokhala. Mwana ankabwera kudzaugwira ndi manja amatope kuti aone ngati wauma.

"Amama, mwasiliza?"

"Sindinayambe n'komwe. Choka apa."

Nditakhala pansi kuti ndiyambe ndi pamene ndinazindikira kuti fulu uja, amene anakhala nafe pakhomo, sindinamuyang'anitsitsepo. Kodi ali ndi mchira? Makutu ali pati? Amuna anga anati mchira alibe. Mwana anati ali nawo, waung'ono, umabisala. Anakangana awiriwo ngati akuluakulu pa bwalo, mpaka amuna anga anatenga khala najambula fulu pansi pa simenti imene ndinali nditangokolopa. Chimene anajambula chinkaoneka ngati nsikidzi. Ndinatsatira za mwana.

Ndinayamba ndi chigoba cha pamsana. Ndinachita monga ndinkachitira ndi tinsalu: kamphete pakati, kenako kuzungulira, kuwonjezera timfundo pa mzere uliwonse. Chinatuluka chopindikapindika m'mphepete ngati tsamba la kabichi. Ndinamasula. Kachiwiri ndinachepetsa timfundo, ndipo chinazama ngati chisoti. Amuna anga anachipeza pa mpando, nachivala kumutu, nakaima nacho pakhomo akulonjera anthu odutsa. Mwana anaseka mpaka kugwa pansi. Ine sindinaseke. Ndinachivula kumutu kwawo ndi dzanja limodzi, linalo litagwira kasingano kaja, ndipo ataona nkhope yanga anakumbukira kuti pali mnzawo amene akuwadikira kumsika.

Kasingano kanga kanali kopangidwira ulusi wopyapyala, choncho kankang'amba ulusi wa juzi pakati m'malo moukowa. Chala chamkombaphala chinachita mzere wofiira, kenako thuza. Ndinkaluka paliponse pamene manja apeza mpata: pa mzere wa ufa, podikira madzi pa pompi, nyemba zili pa mbaula. Ku Kanyama mvula ikagwa madzi salowa pansi, chifukwa pansi pake ndi mwala, amangoima pabwalo. Tsiku lina mpira wa ulusi unagwa pamiyendo panga, unagubuduka kutuluka pakhomo, n'kukagwera m'chithaphwi. Ndi mimba yanga ija sindikanauthamangira. Ndinaukoka pang'onopang'ono ngati ndikuwedza, unabwera wonse uli matope. Ndinauchapa, ndinauyanikanso, masiku ena anapita.

Kachitatu chigoba chinatuluka bwino, ngati mbale yovundikira. Ndinasokerapo mizere yobiriwira kuti chigawike timabwalotimabwalo. Mimba sinandivute, inali ngati kansalu ka pa wailesi. Miyendo ndiyo inandizunza. Inali timatumba tinayi tonga zala, koma ndikamaliza wina, wotsatira unkatuluka wosiyana, wina wonenepa, wina wowonda, chifukwa nthawi iliyonse ndikamawerenga timfundo wina ankandiitana.

Mutu ndi khosi ndinalukira pa pompi. Ndinali nditafika pakati pamene mayi wina amene anali pambuyo panga pa mzere anasuzumira, nagwira mnzake paphewa. Onse awiri anayamba kuseka, kenako mzere wonse.

"Amai, bamuna banu baziba kuti muluka vamene ivi?"

Ndinachiyang'ana bwino chimene chinali m'manja mwanga, chachitali, chobulungira kunsonga, ndipo ndinachibisa msanga m'chitenje. Ndinati ndi mutu wa fulu. Anaseka koposa. Kuyambira tsiku limenelo mutu ndinkalukira m'nyumba chitseko chili chotseka.

Zoika m'mimba ndinakapempha kwa telala wina wa pakhonde kumsika. Anasesa zidutswa za nsalu pansi pa makina ake nandikulungira m'pepala. Ndinangozikanikizira m'kati osayang'ana kuti ndi zotani, n'kusoka mimba ndi chigoba pamodzi, msoko waung'ono wosaoneka umene ndinaunyadira. Maso ndinadula mabatani awiri akuda pa buluku lakale. Mwendo umodzi wakutsogolo unali wautali ngati ukupereka moni, koma anali fulu. Aliyense womuona akanati fulu.

Ndinaitana mwana. Anamutenga, namutembenuza, naona kuti kamchira kalipo. Kenako anakanikiza mutu ndi chala. Anakanikizanso.

"Mutu sungena."

"Ulowe kuti?"

"Mukati. Fulu wanga mutu unali kungena."

Anamuika pansi bwinobwino natuluka kukasewera. Ine ndinatsala nditakhala pa mphasa, thuza likuwawa. Amuna anga, amene ankamvetsera mpira pa wailesi, anati osatembenuka n'komwe, "Akunena zoona mwanayo. Fulu amabisa mutu."

Ndinafuna kukamuponya m'chimbudzi. Ndikunena fuluyo. Koma pa chakudya chamadzulo kulira kunayambiranso, ndipo m'mawa mwake ndinatenga lezala n'kudula mutu. Ndinaganiza masiku angapo mmene ndingachitire. Potsiriza ndinaluka kathumba konga kasokosi ka khanda, ndinakalowetsa m'kati mwa chigoba kutsogolo, n'kusokera khosi pansi pa kathumbako. Ukakankha mutu unkalowa, ukakoka unkatuluka. Ulusi unandithera ndisanatseke bwino pansi pa kathumbako, panatsala kabowo kolowa chala, koma ndinati kali m'kati, adzakaona ndani.

Mwana anakankha mutu, unalowa. Anakoka, unatuluka. Sanati zikomo, sanandiyang'ane n'komwe. Anabereka fulu wake kumbuyo ndi kansalu natuluka. M'nyumba munakhala bata koyamba chichokere wamoyo uja.

Patapita milungu ingapo m'nyumba munayamba kununkha. Tinati khoswe wafera penapake. Tinatulutsa bedi, sutikesi, thumba la makala. Amuna anga anakwera pa mpando kusuzumira pamwamba pa khoma, nati mwina fungo likuchokera kwa aneba. Ndinakolopa ndi madzi otentha. Fungo linkachoka masana n'kubwerera madzulo, ndipo sindinaganize n'komwe kuti linkatuluka ndi mwana n'kulowanso naye.

Tsiku lina m'mawa ndikuchapa kuseri kwa nyumba ndinamva kukuwa kunjira.

"Mayo! Mayo ine! Bwelani muone!"

Ndinathamanga mmene ndikanathera, thovu lili m'manja. Aneba anali ataima patali ndi katebulo kawo, akuloza pansi pake. Pamenepo panali fulu wanga. Mwana anali atamuika pamthunzi kuti apumule, iye n'kupita kukasewera ndi anzake.

"Munachosa wamoyo, manje mwapanga wa mankhwala!" anakuwa atandiona. "Nunkhizani mweka!"

Anthu a m'komboni sachedwa. Posakhalitsa panali khamu, amayi a pa pompi ndi ndowa zawo, amuna opanda ntchito, ana pakati pa miyendo ya akulu. Ndinati ndi chidole, ndinaluka ndekha, ena mwa inu munandiona. Mayi woseka pa pompi uja anavomera kuti mutu anauonadi. Koma fungo linalipo, silikanakanika, ndipo ntchentche zinali zitayamba kutera. Wina anathamangira acheyamani. Amuna anga, monga mwa chizolowezi chawo pa nthawi zotere, anali kuntchito.

Acheyamani anafika manja ali bii ndi makala. Anazungulira katebulo, nawerama, natosa fulu ndi kandodo kawo. Kandodo kanagunda pamphuno penipeni, mutu n'kulowa m'kati.

Khamu lonse linalumphira m'mbuyo. Mayi wina anagwetsa ndowa.

"Chabisa mutu! Chili na moyo!"

"Ndi kathumba!" ndinakuwa. "Ndinasokeramo kathumba!" Palibe anandimva.

"Amai," anatero acheyamani, nawonso atafutukako pang'ono, "ngati ni chidole, chiseguleni tione vili mukati."

Wina anandipatsa lezala. Ndinagwada m'matope ndi mimba yanga, pamaso pa komboni yonse, n'kuyamba kudula msoko wanga wokongola uja. Mwana anafika akuthamanga, nandikoka chitenje, akukuwa kuti ndikupha Fulu. Ndinatulutsa zidutswa za nsalu. Kenako fungo linabuka lonse, anthu anagwira mphuno. Munatuluka masamba a repu owola, kambatata komera nkhungu, nyerere zambirimbiri, ndi theka la chitumbuwa.

"Chitumbuwa changa!" anakuwa aneba. "Mwaona? Mwaona mweka? Malonda yanga yali mu mimba!"

Ndinatembenukira mwana.

"Iwe, izi zalowa bwanji muno?"

"Anali na njala," anatero akusisima. Anationetsa mmene ankachitira: kukoka mutu, kukankhira chakudya m'kathumba ndi chala, mpaka chidutse pa kabowo kaja.

"Nanga chitumbuwa unachitenga kuti?" anafunsa acheyamani.

Mwana analoza aneba. "Bananipasa. Bamanipasa masiku yonse amama bakayenda ku pompi."

Anthu anaphulika kuseka. Aneba anayamba kusanjasanja zitumbuwa zimene zinali zosanjika kale. Ine ndinayesa kuti nkhani yatha, ndinayamba kutolera zanga.

Koma acheyamani anali akutakasabe zidutswa zija ndi kandodo. Mwadzidzidzi anaima. Anawerama, natola kansalu kena ndi zala ziwiri, nakatambasula. Kanali kachidutswa ka chitenje cha chipani, chija amayi ankavala pokavina pa misonkhano, ndipo panali diso limodzi ndi khutu la nkhope imene tonse tinkaidziwa, zitapakika repu wowola. Kuseka kunazima ngati wina wathira madzi pa mbaula. Ena a kumbuyo anayamba kuchoka mwakachetechete.

"Ichi chinangena bwanji mu mimba ya fulu?"

Ndinati zinali zosesa za kumsika, ndinangotola osayang'ana. Telala sindinamutchule, anali ndi ana ake. Acheyamani anandifunsa khadi. Ndinapita kunyumba, ndinakhuthulira sutikesi yonse pabedi, ndinabwera nalo. Analiyang'ana kutsogolo ndi kumbuyo. Kenako anandiphunzitsa za ulemu, za ufulu wa dziko ndi za amene anauvutikira, dzuwa likundiwotcha, ine nditagwadanso, fulu wotumbulidwa ali pamiyendo panga, mwana akulira pambali. Pomaliza anagamula kuti chidole si mankhwala, koma chisamadutse pakhomo pathu, ndipo kansaluko ndikachape, ndikasite, ndikapereke kunyumba kwawo dzuwa lisanalowe.

Ndinakachapadi. Ndinakoleza makala m'simbi chifukwa cha kansalu kosakwana chikhatho changa, ndinakasita mbali zonse, n'kukapereka ndi manja awiri. Zovala zimene ndinasiya m'madzi m'mawa zinagona momwemo.

Amuna anga atabwera ndinawafotokozera zonse. Anaseka mpaka kutsokomola, napukuta misozi, nati, "Komatu inunso, amake mwana, muziyang'ana zimene mukuika m'kati mwa zinthu."

Tsiku limenelo madzi osamba anadzitenthetsera okha.

Fulu ndinamuwiritsa m'chitini, ndinamuyanika, ndipo mizere yobiriwira ija inasuluka. Ndinang'amba pilo wanga n'kutapamo thonje, ndinasoka mimba kachiwiri, kabowo kaja ndinakatseka ndi ulusi wosokera mobwerezabwereza. Mwana ndinamuuza kuti Fulu wachitidwa opaleshoni, adokotala aletsa chakudya. Anavomera, koma ankamuikirabe tsamba patsogolo, n'kudikira pang'ono, n'kubwera kudzandiuza kuti Fulu akuwonda chifukwa cha ine.

Mvula itatsala pang'ono kutha, fulawa anasowa m'tauni monse, ndipo katebulo ka aneba kanakhala kopanda kanthu. Tsiku lina masana ndinamva odi pakhomo. Anali iwo, atanyamula juzi yofiira ya mwana wawo wamkulu. Chichitikire nkhani ija tinali tisanalankhulane.

"Ba neba," anatero akuyang'ana pansi, "nipunziseniko vija."

"Viti?"

"Vija va fulwe."

Mawu amene anabwera kukamwa kwanga sanali oti mayi wa Lachinayi n'kuwatchula. Koma ndinakumbukira zitumbuwa zimene ankapatsa mwana wanga ine kulibe, ndipo ndinawayalira mphasa.

Ankagwira kasingano ngati mthiko, ankandidula mawu, ankatsutsa chilichonse. Ndikati chepetsani timfundo, iwo ankati kwawo sachita choncho, ngati kwawoko anaonako fulu woluka. Chimene chinandipweteka kwambiri n'chakuti anali ndi dzanja. Zimene ine ndinavutika nazo dzinja lonse iwo anazigwira msanga, ndipo miyendo ya fulu wawo woyamba inatuluka yofanana yonse. Anayamba kupempha majuzi otha kwa anthu, kumasula, kuluka. Pamene ine ndinkachira mwana wachiwiri, katebulo kaja kanali katadzaza afulu ofiira, achikasu, a mizeremizere, ndipo anthu ankachokera mpaka ku komboni ya Chawama kudzagulira ana awo. Akazi a acheyamani nawonso anagula. Za mankhwala palibe anazitchulanso, ndipo lamulo loti fulu wathu asamadutse pakhomo linaiwalika lokha.

Ine sindinalukenso fulu wina. Ndinabwerera ku tinsalu tanga ta pa wailesi. Tsiku lina pa pompi mayi wina wobwera kumene m'komboni anaona mwana wanga atabereka fulu wake wosuluka uja, mwendo wautali ukulendewera. Anamupempha kuti amuone, namutembenuza uku ndi uku, nafunsa kuti analuka ndani. Ndinati ndine.

"Mwayesako," anatero mokoma mtima. "Koma muyende kuli bamayo baja ba pa njila, bamene bagulisa. Bangakupunziseni bwino."

Ndowa yanga inali isanadzaze, koma ndinaisenza momwemo n'kupita kunyumba.